Funsani Adokotala a Ziweto: Jakisoni wa Patsinde pa Mchira

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza kubereka kwa ng'ombe, ndipo asanu mwa iwo akuzungulira pa chinthu chimodzi: jakisoni amene timabaya patsinde pa mchira kuti ng'ombe ichite dzanzi kumbuyo. M'mabuku dzina lake ndi epidural. Makalatawa ndawaika pamodzi chifukwa mayankho ake akulowana. Amene munafunsa za nkhupakupa ndi chitopa mundipirire, tikumana mwezi wamawa.

Adokotala, ndili ndi ng'ombe imodzi ya mkaka yamtundu wa Friesian. Inabereka bwinobwino usiku, koma kusanache tinapeza chithumba chachikulu chofiira chikulendewera kumbuyo kwake. Alangizi atafika anameta ubweya patsinde pa mchira n'kubaya jakisoni pamenepo. Mchira unangoti lende ngati chingwe. Anabwezera chithumbacho m'kati ndipo ng'ombe ikudya, mkakanso ikutulutsa. Koma apongozi anga akuti jakisoni wa pamsana amapha mitsempha, ndipo ng'ombeyi sidzatenganso bere. Kodi n'zoona? Ng'ombeyi ndi imene imalipirira ana anga sukulu.
*Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo*

Mayi, mtima ukhale m'malo. Munachita bwino kuthamangira alangizi nthawi yomweyo, ndipo iwonso anachita zoyenera.

Chimene munachionacho ndi chiberekero chonse chitatembenuka, m'kati mwake mutakhala kunja, monga limachitira thumba la thalauza mukalikoka. Timitumbira tofiira timene tinali ponseponse ndi pamene nsengwa imagwirira mwana akadali m'mimba. Vutoli limabwera m'maola ochepa ng'ombe ikangobereka, makamaka ngati inavutika pobereka, ngati mwana anachita kukokedwa mwamphamvu, kapena ngati kashiamu wachepa m'magazi. Kuchepa kwa kashiamu kumakonda ng'ombe zamkaka wambiri zimene zabereka kangapo, ngati yanuyo.

Tsono taganizirani ntchito imene alangiziwo anali nayo. Chiberekero cha ng'ombe yongobereka kumene n'cholemera, n'chotupa, n'choterera, ndipo chiyenera kubwerera kudzera pakhomo lomwe chinatulukira. Ng'ombe ikangomva kanthu m'njira yoberekera imachima. Sichita kufuna ayi, thupi lake limangochita lokha. Ndiye munthu akukankhira m'kati ndi manja awiri, iyo ikukankhira kunja ndi mphamvu ya mimba yonse. Mpikisano umenewo munthu sapambana, ndipo pa kulimbana koteroko m'pamene zala zimaboola chiberekero, ng'ombe n'kufa ndi magazi kapena mafinya. Jakisoni uja amathetsa kulimbanako. Ng'ombe imasiya kumva kumbuyo, imasiya kuchima, imasiyanso kutulutsa ndowe pamene tikugwira ntchito, koma imaimabe ndi miyendo yake ndipo ili maso.

Za mitsempha, afotokozereni apongozi motere. Ku bucha akadula msana wa ng'ombe, pakati pa fupa pamaoneka chingwe choyera chofewa. Chimenecho ndicho chikanati chibayidwe, ng'ombe ikanalumala. Koma chingwe chimenechi chimathera m'chiuno, sichifika kumchira. Kuchokera pamene chathera, m'ngalande ya mafupa mumangodutsa timitsempha ting'onoting'ono topita kumchira, kotulukira ndowe ndi kunjira yoberekera, titazunguliridwa ndi mafuta. Mankhwala amathiridwa m'mpata wozungulira timitsemphato. Amatigoneka kwa ola limodzi kapena awiri, kenako magazi amawachotsa pang'onopang'ono, timitsempha n'kudzuka. Mchira kuti lende ndicho chizindikiro chimene ife timachiyembekezera, chifukwa chimatiuza kuti mankhwala afika pamalo pake. Ndikhulupirira pofika masana ng'ombe yanu inali ikuingitsa ntchentche ndi mchira womwewo.

Si njira yatsopano. Madokotala awiri a ku Paris, Jean-Athanase Sicard ndi Fernand Cathelin, anailongosola mu 1901, ndipo mu 1926 Franz Benesch wa ku Vienna anaonetsa kagwiritsidwe kake pa ng'ombe. Ndi m'bale wake wa jakisoni wa pamsana amene amayi ena amalandira kuchipatala pobereka.

Kutenga bere sikukhudzana ndi jakisoniyu. Chimene chimaononga chiberekero ndi kukhalitsa kunja, kugubuduzika m'ndowe, kung'ambika ndi kuyambitsa mafinya. Ng'ombe zambiri zimene chiberekero chinabwezeredwa msanga komanso mwaukhondo zimadzaberekanso, ndipo nthawi zambiri vutoli silibwereza pa bere lotsatira. Inu muziyang'ana izi: ikasiya kudya, mkaka ukatsika mwadzidzidzi, kapena kumbuyo kukamatuluka zonunkha, itanani alangizi tsiku lomwelo. Ngati anasoka pakhomo pa njira yoberekera, afunseni tsiku lochotsa ulusi. Musafulumire kuipatsa umuna. Papite masiku osachepera 60, ndipo alangizi ayambe aipima kaye.

Adokotala, ndinamaliza maphunziro a zaziweto chaka chatha ndipo ndangoyamba ntchito kumudzi. Epidural tinaiphunzira m'kalasi koma ndinangoona ikubayidwa kawiri. Pano ndayesa katatu. Koyamba pakhungu panangotupa chotupa, mchira osafooka. Kachiwiri mankhwala anakana kulowa ngakhale ndinakanikiza sirinji mwamphamvu. Kachitatu inagwira koma ng'ombe inayamba kudzandira mpaka inakhala pansi, mwini wake n'kuyamba kundikalipira. Ndikulakwitsa pati? Ng'ombe za kuno zambiri ndi zachikuda.
*Mlangizi watsopano, Mzimba*

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri chifukwa zolakwika zitatu zimene mwatchulazi ndi zomwezo zimene pafupifupi tonse tinadutsamo, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake chodziwika. Ndiyambira poyambirira penipeni.

Ng'ombe iime mowongoka, m'kampanda kopanira ngati kalipo, apo ayi mutu umangidwe pamtengo wolimba ndipo munthu mmodzi aitsamire m'mbali. Ikaima mopendekeka mankhwala amatsetserekera mbali imodzi, dzanzi n'kugwira theka. Yang'ananinso pansi. Ngati m'khola muli matope kapena simenti yonyowa, thirani mchenga kapena udzu musanabaye, osati ng'ombe itayamba kale kudzandira.

Kupeza malo ndiyo theka la ntchito. Imani kumbuyo kwake, gwirani mchira ndi dzanja limodzi n'kumaukweza ndi kuutsitsa ngati mukupopa mjigo. Chala cha dzanja linalo chiyambire pachiuno, pamafupa osagwedera, n'kumatsika pakatikati pa msana. Pamene mungamve kadzenje koyamba kakutseguka ndi kutsekeka mogwirizana ndi mchira, imani pomwepo. Mipata yogwiritsa ntchito ilipo iwiri yoyandikana: wa pakati pa fupa lotsiriza la chiuno ndi fupa loyamba la mchira, ndi wa pakati pa fupa loyamba ndi lachiwiri la mchira. Yonse ndi yabwino. Pa ng'ombe zokalamba woyambawo nthawi zina umakhala utauma n'kugwirana, choncho wachiwiri ndiwo umagwedera kwambiri ndipo ndi umene ine ndimaukonda. Chenjerani ndi ng'ombe zapangolo ndi zolima. Zambiri michira yake inathyokapo chifukwa chopotokoledwa poziyendetsa, ndipo mafupa anapola mokhota. Pa zoterozo musathamange, papasani kufikira mutatsimikiza.

Metani ubweya malo aakulu ngati bokosi la machesi, tsukani ndi sopo, pukutani ndi ayodini kapena sipiriti. Pano sindinyengerera. Patsinde pa mchira ndi pafupi ndi ndowe, ndipo singano yanu ikupita m'ngalande ya msana. Singano ikhale yatsopano, yotsegulidwa pomwepo. Botolo la lidocaine, mankhwala ochititsa dzanziwo, limene lalowetsedwa masingano akuda kwa miyezi lisayandikire pamenepa. Mafinya akayamba m'kati umo, mchira umatha kufa mpaka kalekale, ndipo zikatero mantha a alimi amakhala ndi pogwira.

Singano yoyenera ndi ya nambala 18, yotalika pafupifupi masentimita 4. Ibayeni yokha, yopanda sirinji, pakatikati penipeni pa kadzenje kaja. Iime chilili pakhungu, kapena nsonga ipendekere pang'ono chabe kumutu kwa ng'ombe, madigiri 10 kapena 15. Ng'ombe imadzidzimuka singano ikaboola khungu. Isiyeni ikhazikike, singano ili pomwepo. Kenako donthezani kadontho ka mankhwala pakamwa pa singano mpaka katatumphuka pamwamba. Tsopano kankhani singano pang'onopang'ono, maso ali pa kadonthoko. Mudzamva ngati mwaboola kachikopa kolimba, ndipo nthawi yomweyo kadontho kadzamezedwa, kulowa m'kati kokha. Pena mumamva ndi kamphepo kakuti fyuu. Zimatero chifukwa mpata umenewo umakoka, mphamvu ya mpweya m'menemo ndi yochepa kuposa ya kunja. Njira ya kadonthoyi anaitchukitsa ndi dokotala wa ku Argentina, Alberto Gutiérrez, m'zaka za m'ma 1930, ndipo kwa ife ogwira ntchito m'khola opanda makina, ndiyo mboni yathu. Pa ng'ombe yaikulu yonenepa singano imalowa masentimita 2 mpaka 4. Pa yachikuda yowonda m'chilimwe mpata uli pafupi kwambiri ndi khungu, moti mutha kuupitirira osadziwa.

Kadontho kakalowa, lumikizani sirinji mosagwedeza singano, kokani pang'ono kuona ngati mukubwera magazi. Akabwera ndiye kuti muli mumtsempha wa magazi. Zulani, tengani singano ina, yambiraninso. Ngati mulibe, thirani mwapang'onopang'ono. Mankhwala azilowa ngati mukuthira m'mwamba mopanda kanthu. Ine ndimasiya kathovu kakang'ono ka mpweya m'sirinji: ngati kakuphwanyika ndikamakanikiza, ndiye kuti singano sili pamalo.

Apa mayankho a mafunso anu awiri aonekera. Chotupa cha pakhungu chija chikutanthauza kuti singano inali isanafike, kapena inaphonya pakati n'kutsetserekera m'mbali mwa fupa. Mankhwala okana kulowa aja ndiye kuti munapitirira, nsonga inadutsa mpata wonse n'kukazikika pansi pa ngalande, m'kachichereche kolumikiza mafupa. Yankho lake si kukanikiza mwamphamvu. Bwezani singano mamilimita awiri kapena atatu, muona yokha ikumasuka.

Tsopano ya ng'ombe yokhala pansi ija, imene ndikufuna muigwiritsitse. Mabuku ambiri amati mamililita 5 kapena 6 a lidocaine wa 2 peresenti. Mabuku amenewo analembedwa poganizira ng'ombe ya makilogalamu 500 kapena 600. Thadzi lachikuda la kwathu kuno nthawi zambiri limakhala cha m'ma 250 mpaka 300. Muyeso weniweni ndi mililita imodzi pa makilogalamu 100 alionse. Ndiye kuti yachikuda ya makilogalamu 250 ikufunika mamililita awiri ndi theka, mwina atatu. Yosakanizika ndi Friesian ya makilogalamu 450 ikufunika anayi ndi theka kapena asanu. Ngalande ya msana wa ng'ombe yaing'ono ndi yaifupi komanso yopapatiza. Mukathiramo zambiri, kapena mukathira mothamanga, mankhwala amakwera kutsogolo mpaka kukafika pa mitsempha yoyendetsa miyendo yakumbuyo, imene imatulukira m'chiuno. Yendani ndi tepi yozunguliza pachifuwa poyeza kulemera kwa ng'ombe, musamangoyerekeza ndi maso.

Zinandichitikira ine m'chaka changa chachiwiri pantchito. Kanali kamsoti kachikuda kobereka koyamba, mwana atabwera ndi mwendo umodzi wopindikira m'mbuyo. Ndinathira mamililita 6 monga ndinaloweza m'kalasi. Mwendo ndinauwongola, mwana anatuluka wamoyo, koma make anadzandira n'kugwa pamatope miyendo itatang'adza. Anayesetsa kudzuka kangapo miyendo isanabwerere mphamvu, ndipo pakuyesako anavulala m'chiuno. Anakhala pansi masiku anayi, tikumutembenuza ndi kumunyamula ndi matumba. Anadzuka, koma anatsimphina moyo wake wonse. Nkhope ya mwini wake, bambo wachikulire amene anali ndi ng'ombe zitatu zokha, ndimaikumbukirabe. Kuyambira tsiku limenelo sindibaya ndisanayeze. Ndipo zikachitika kuti ng'ombe yakhala pansi, musailole kulimbana n'kudzuka. Mangani miyendo yakumbuyo ndi chingwe chofewa pamwamba pa ziboda, kusiya mpata wa masentimita 40 kapena 50 kuti isatang'adze, iyalireni udzu, igone chapachifuwa, wina akhale nayo kufikira mchira utayamba kugwedera ndi mphamvu. Mwini wake muuzeni zimene zikuchitika ndi nthawi imene zithere. Mlimi akauzidwa zoona msanga sakalipa kwambiri.

Lidocaine akagwira, mchira umafooka m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pofika mphindi 5 mpaka 10 dzanzi lakwana. Tsinani khungu pafupi ndi njira yoberekera musanayambe ntchito. Gwiritsani lidocaine wosasakanizidwa ndi mankhwala ena otchedwa adrenaline. Mchira wofookawo musaumangirire pamtengo kapena pampanda, chifukwa ng'ombe ikagwa kapena kuthawa umaduka iyo osamva. Wina augwire, kapena muumangirire ku khosi la ng'ombe yomweyo.

Pali ntchito zina zofuna nthawi yaitali, monga ng'ombe imene ikuchimabe mutabwezera kale njira yoberekera kapena mudzi wotuluka. Pamenepo ena timagwiritsa mankhwala ena otchedwa xylazine, pa muyeso wa mamiligalamu 0.05 pa kilogalamu. Pa ng'ombe ya makilogalamu 400 ndiye mililita imodzi ya xylazine wa 2 peresenti, yosungunulidwa ndi madzi a jakisoni kufika mamililita 5. Amachedwa kugwira, mphindi 20 kapena 30, koma amakhala maola atatu kapena kuposa. Akasakanizidwa ndi lidocaine, dzanzi limabwera msanga n'kukhalitsa. Komatu xylazine salemekeza wongoyamba. Amalowa m'magazi, ng'ombe imaodzera, imachucha dovu, mtima umayenda pang'onopang'ono, chifu chimaima moti itha kufufuma. Pa ng'ombe ya bere lalikulu amafinya chiberekero ndipo atha kuchotsa bere. Kukatentha kwambiri amagwira mopitirira. Werenganinso botolo kawiri: alipo wa 10 peresenti wopangidwira akavalo, pamene ng'ombe imagonja ndi kagawo kakang'ono ka muyeso wa kavalo. Langizo langa n'lakuti dzanja lanu liyambe lazolowera lidocaine yekha.

Chotsiriza, dziwani nthawi yosabaya. Epidural amaletsa kuchima kwa mimba, saletsa chiberekero kudzifinya chokha, ndipo sakulitsa chiuno chopapatiza. Ngati mwana wagona bwino ndipo akungofuna kuthandizidwa kukoka, musabaye, chifukwa mukudzichotsera thandizo la make. Bayani pamene mukufuna kubweza mwana m'kati kuti muwongole mutu kapena mwendo, pamene mukudula mwana wofera m'mimba, pobwezera chiberekero, kapena posoka pong'ambika. Mukapita kokaphera ng'ombe, pemphani akuonetseni tsinde la mchira litadulidwa chamtali. Mukaona ngalandeyo ndi maso anu n'kuyesa kulowetsamo singano kangapo, zala zanu zidzaidziwa ngakhale mumdima.

Adokotala, kwathu kuno mlangizi ali kutali, ndipo nthawi ya mvula msewu suyendeka. Chaka chatha ndinataya thadzi labwino chifukwa chiberekero chinatuluka ndipo tinalephera kuchibweza, linkangochima. Jakisoni wa nkhupakupa ndi wa njoka zam'mimba ndimabaya ndekha. Bwanji osangondiuza dzina la mankhwalawo ndigule ndizisunga?
*Bambo woweta ng'ombe, Chikwawa*

Pepani bambo chifukwa cha thadzi lanu. Ndikudziwa kuwawa kwake kuyang'ana chiweto chikutha uli chiimire, ndipo funso lanu si lachibwana. Dzina la mankhwala mwaliona kale pamwambapa, sindikubisa. Koma ndikupemphani kuti musabaye nokha.

Jakisoni wa pakhungu kapena pamnofu mukaphonya pang'ono, mankhwala amagwirabe. Uyu ayi. Kusiyana kwa pamalo ndi posayenera ndi mamilimita ochepa, ndipo mwaona kuti ngakhale munthu wophunzira ntchitoyi amaphonya poyamba. Kuonjeza apo, jakisoniyu ndi khomo chabe. Akagwira, ntchito yeniyeni imakhala isanayambe: kutsuka chiberekero, kufufuza ngati chang'ambika kapena ngati chikhodzodzo ndi matumbo zalowa m'kati mwake, kuchibweza ndi zikhatho osati nsonga za zala, kuchitambasula mpaka kumapeto kwa nyanga zake zonse ziwiri kuti chisatulukenso, kenako jakisoni wa oxytocin kuti chinyale, kashiamu ngati wachepa, ndi mankhwala oletsa mafinya. Chimodzi mwa izi chikasowa, ng'ombe itha kufa ngakhale dzanzi linagwira bwino.

Koma pali zambiri zimene zili m'manja mwanu, ndipo nthawi zambiri ndi zimene zimapulumutsa ng'ombe ife tisanafike. Mukangoona chiberekero chatuluka, imbani foni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo ngati n'kotheka tumizani njinga yamoto ikamutenge mlangizi. Ng'ombe musaiyendetse, musaithamangitse. Chiberekero chikamalendewera n'kumagunda miyendo, mtsempha waukulu wa magazi umatha kuduka m'kati, ng'ombe n'kufa m'mphindi zochepa kunja osaoneka magazi. Chotsani ng'ombe zinzake ndi agalu. Tsukani ndowe ndi madzi oyera ofunda othira mchere pang'ono, masupuni a tiyi awiri osadzaza pa lita imodzi. Kulungani chiberekero ndi chitenje choyera chonyowa, ndipo ngati ng'ombe yaima, anthu awiri achinyamule ndi chitenjecho kufika msinkhu wa pamene chinatulukira, kuti chisapitirire kutupa. Ngati yagona, yalani pulasitiki kapena thumba loyera pansi pake, ndipo kumbuyo kwa ng'ombe kusakhale kumunsi kwa chitunda. Musadule kanthu, musazule nsengwa mokakamiza, musapake phulusa kapena mankhwala azitsamba. Konzani madzi ena ndowa ziwiri, sopo, zingwe, nyali, amuna atatu amphamvu ndi shuga paketi imodzi kapena ziwiri. Shugayo si woti timwere tiyi ayi. Timamuwaza pachiberekero kuti akoke madzi, chiphwe, chibwerere mosavuta.

Valani magolovesi kapena majumbo m'manja. Madzi ndi nsengwa za ng'ombe, makamaka yotaya bere, zimatha kupatsira munthu matenda a brucellosis. Amayi oyembekezera asayandikire.

Ndipo ambiri mwa mavutowa amayambira pokoka mwana. Ng'ombe ikachima ola lathunthu chithumba cha madzi chitasweka koma palibe chikusuntha, itanani thandizo pamenepo, osadikira kuti kuche. Okoka asapitirire amuna awiri, ndipo azikoka pamene make akuchima. Kumangirira mwana kungolo kapena kugalimoto ndiko kumang'amba ndi kutulutsa ziberekero. Ngati m'dera lanu muli gulu la oweta, kambiranani zosonkha kandalama ka mafuta a njinga yamoto kokhala kale pambali, ndipo nambala ya mlangizi ikhale m'foni ya aliyense, ndi ya mbusa yemwe.

Kodi jakisoni ameneyu angakwanire pong'amba ng'ombe kuti atulutse mwana, kapena pofula nkhunzi yaikulu?
*Wophunzira zaulimi, Lilongwe*

Ayi pa zonse ziwiri, ngati tikunena muyeso wochepa uja wosiya ng'ombe ili chiimire. Dzanzi lake limagwira mchira, kotulukira ndowe, njira yoberekera ndi khungu la pakati pa ntchafu chakumtunda basi. M'nthiti ndi pamimba sipafika, bere la mkaka silifika, ndipo machende a nkhunzi mitsempha yake imachokera kutsogolo, cha m'msana wa pakati, kotero nawonso safikiridwa.

Pa opaleshoni yotulutsa mwana timang'amba m'mbali, kawirikawiri kumanzere, ndipo dzanzi lake timalipanga pomwepo: kubaya lidocaine motsata mzere wodula, kapena mizere iwiri yokumana pakona, wina chakutsogolo wina chakumtunda kwa podulapo, kapena kugoneka mitsempha itatu pamene ikutuluka m'mbali mwa msana kuseri kwa nthiti yotsiriza. Epidural wochepa timamuonjezera pokhapokha ngati ng'ombe ikuchima kwambiri moti ingakankhire chifu pabala. Pofula, mankhwala amabayidwa pakhosi pa thumba la machende ndi m'mitsempha yake.

Ulipo epidural wa muyeso waukulu, wothira mankhwala ambiri dala kuti akwere kutsogolo, umene umagwiritsidwa pa matole pochita opaleshoni ya pamchombo. Pamenepo chiweto chimagona pansi ndithu, magazi amatha kutsika mphamvu, ndipo mankhwala akakwera mopitirira amafooketsa kupuma. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wokhala ndi zipangizo zotsitsimutsira pafupi.

Ng'ombe yanga inabayidwa jakisoni wa pamchira dzulo. Kodi mkaka ndingapite nawo kogulitsa?
*Mlimi wa mkaka, Chiradzulu*

Musapite nawo musanafunse amene anabaya. Masiku odikira amalembedwa pabotolo ndipo amasiyana malinga ndi mankhwala, choncho afunseni akuuzeni dzina la chilichonse chimene anapereka ndi tsiku loyambira kugulitsa, mulembe pakhoma la khola kapena m'kope lanu. Kawirikawiri chochedwetsa si lidocaine, koma mankhwala oletsa mafinya amene amabayidwa tsiku lomwelo. Amenewo akalowa m'thanki ya gulu amaonongetsa mkaka wa anzanu onse. Ndiponso ngati ng'ombeyo yangobereka, mkaka wachikasu wa masiku anayi kapena asanu oyamba ndi wa thole, si wogulitsa. Lipatseni malita awiri m'maola awiri oyamba, ena awiri asanakwane maola 12, ndipo muzikama make monga mwa nthawi zonse kuti bere lisatupe.